Ndege zing'onozing'ono ndi mabwalo ake: mafunso ndi mayankho

Anthu akangomva kuti Loweruka lina ndimakwera m'mwamba ndi kandege ka mipando inayi, mafunso amayamba pomwepo, kaya ndi paukwati, kuntchito kapena pakhonde la tchalitchi. Amakhala omwewomwewo, choncho ndawaika pamodzi. Sindiyendetsa ndege za kampani ayi. Ndili ndi laisensi ya munthu wamba, ndipo ndege ndimachita kubwereka ndikasunga kandalama kokwanira. Zambiri zimene ndalemba ndi za mabwalo a kuno ku Malawi, chifukwa ndi amene ndimawadziwa ndi kuwakonda.

Mukamati ndege yaing'ono mukunena iti?

Ndikunena ndege za injini imodzi ndi pulopela kutsogolo, zonyamula anthu awiri mpaka asanu ndi mmodzi. Yodziwika kwambiri ndi Cessna 172, ya mipando inayi, mapiko ake okhala pamwamba ngati denga. Inayamba kugulitsidwa mu 1956, ndipo kufika lero apanga zoposa 44,000, kuposa ndege ina iliyonse. Mng'ono wake ndi Cessna 152 ya mipando iwiri, imene anthu ambiri amaphunzirira. Akulu ake ndi 206 ndi 210, zimene makampani a ndege za hayala amazikonda. Piper Cherokee imafanana nazo kukula, koma mapiko ake ali m'munsi.

M'kati mwake muli ngati m'galimoto yaing'ono. Phewa lanu limakhudza la woyendetsa, mulibe chimbudzi, ndipo injini imasokosera moti mumalankhulana kudzera pa mahedifoni. Liwiro lake ndi makilomita pafupifupi 200 pa ola.

Kukoma kwake kuli pati? Si bwino kungokwera ndege yaikulu?

Ndege yaikulu imakunyamulani pa Chileka n'kukakutulani ku Johannesburg, koma dziko la pakati simuliona. Imauluka makilomita 10 kapena kuposa m'mwamba, pamene pansi pamangooneka mbuu. Ife timauluka kilomita imodzi kapena ziwiri pamwamba pa nthaka, nthawi zina motsikirapo. Pamenepo dziko likadali dziko. Mumaona mayi akuyanika ufa pamkeka, ana akuthamanga pabwalo la sukulu akuloza m'mwamba, ngolo ikutuluka m'dimba.

Chimene chinandigwira mtima ulendo wanga woyamba wodutsa chigawo chapakati ndi manda. Mwezi wa Seputembala minda yonse imakhala yofiira, yopanda kanthu, koma apa ndi apo pali timagulu ta mitengo yobiriwira bii, ngati zilumba. Ndinafunsa mphunzitsi wanga kuti nkhalango zing'onozing'onozi ndi za ndani. Anati, "Yang'anitsitsani, pafupi ndi iliyonse pali mudzi." Ndi kumanda kokha kumene nkhwangwa sinafike. Kuyambira tsiku limenelo nkhani ya kutha kwa mitengo sindiimvanso ngati ya m'nyuzipepala.

Zilipo zina zosangalatsa maso. Madambo amaoneka ngati mitsempha yobiriwira. Mukadutsa phiri la Dedza nthaka imangotsika mwadzidzidzi kulowera ku Golomoti, ndipo nyanja imatulukira kutsogolo. Tiyi wa ku Thyolo amakhala ngati wina wachita kupesa. Nthawi ya dzinja madzi ofiira a Linthipe ndi Bua amalowa m'nyanja osasakanikirana msanga, n'kupanga mzere woonekeratu pakati pa dothi ndi madzi oyera. M'mbali mwa nyanja usipa woyanikidwa pa matandala umanyezimira ndi dzuwa.

Palinso kukoma kwa manja. Ndege yaing'ono mumaimva m'thupi. Mukakoka chiwongolero pang'ono mphuno imadzuka, mukaponda pedulo mchira umamvera. Kutera bwino, matayala n'kungokhudza udzu mopanda phokoso, kumamukhalitsa munthu wosangalala sabata yathunthu.

Injini ili imodzi yokha. Ikazima m'mwamba, simugwa ngati mwala?

Ayi. Chimene chimanyamula ndege ndi mapiko, injini imangoikoka. Injini ikazima, ndege imatsika pang'onopang'ono ikupitabe patsogolo, monga amachitira kabawi akatambasula mapiko. Cessna 172 imayenda mamita pafupifupi 9 pa mita iliyonse imene yatsika. Ngati muli kilomita imodzi pamwamba pa nthaka, muli ndi makilomita pafupifupi 9 oti musankhe potera, komanso mphindi zingapo zoyesa kuyatsanso injini.

Wophunzira aliyense amayeserera zimenezi kambirimbiri. Mphunzitsi amangobweza mphamvu ya injini osakuchenjezani, n'kunena kuti, "Injini yafa, mutera pati?" Mumazolowera kuyang'ana pansi nthawi zonse: bwalo la mpira lija n'lalifupi, munda uwu uli ndi mizere yopingasa, dambo ilo lingakhale ndi matope. Ndegeyi imatha kutera pa liwiro la makilomita ochepera 100 pa ola, ndiye malo athyathyathya a mamita mazana angapo amakwanira.

Injini za ndege zili ndi mapulagi awiri pa silinda iliyonse, ndi njira ziwiri zosiyana zoperekera moto, kuti imodzi ikalephera inayo ipitirize. Nthawi zambiri injini ikazima vuto limakhala la mafuta, ndipo za izi onani funso la mafuta m'munsimu.

Nanga ngozi ya ku Chikangawa? Simuchita mantha?

Funso ili limabwera nthawi zonse tsopano, ndipo n'loyenera. Pa 10 Juni 2024 ndege ya asilikali ya mtundu wa Dornier 228 inagwa m'nkhalango ya Chikangawa ikuchokera ku Lilongwe kupita ku Mzuzu. Anthu onse 9 amene anali m'menemo anamwalira, kuphatikizapo wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, a Saulos Chilima. Ndegeyo inali yaikulu kuposa zimene ndikukamba pano, ya injini ziwiri. Akatswiri a ku Germany amene anafufuza anapeza kuti inapitiriza ulendo m'nyengo yoipa, kutsogolo kusakuoneka bwino, mpaka inawomba malo okwera.

Tonse amene timauluka tinalira, ndipo tinazindikira mdani wake, chifukwa ndi yemweyo amene aphunzitsi amatichenjeza kuyambira tsiku loyamba: mitambo yotsika pamwamba pa mapiri. Ife a ndege zing'onozing'ono timauluka poona ndi maso. Lamulo lake ndi loti uzikhala kunja kwa mitambo ndipo uziona pansi ndi kutsogolo. Munthu wosaphunzira kuuluka ndi zipangizo zokha akalowa mumtambo, thupi limamunamiza. Amamva ngati ndege ili chilili pamene yapendekeka, ndipo zimenezi sizitenga nthawi.

Sindinganene kuti ndege zing'onozing'ono n'zotetezeka ngati zikuluzikulu za makampani. Si choncho. Koma gawo lalikulu la chitetezo chake lili m'manja mwa woyendetsa, makamaka pa mawu awiri: "Lero ayi." Ndabwererapo panjira kangapo nditaona mapiri a Viphya atafunda, ndipo ndagonapo malo amene sindinakonzekere kugona. Woyendetsa wanu akakuuzani kuti ulendo walephereka chifukwa cha nyengo, musamukakamize, ngakhale mutakhala kuti mukuthamangira mwambo wofunika.

Kupatula Kamuzu ndi Chileka, mabwalo ena ali kuti?

Alipo ambiri kuposa mmene anthu amaganizira. Mzuzu ndi Karonga ali ndi misewu ya phula, ndipo la Mzuzu lili m'tauni mwenimweni, moti potsika mumadutsa pamwamba pa malata a nyumba. Likoma lili pachilumba. Chelinda lili pamwamba pa Nyika. Kum'mwera kwa nyanja kuli la Club Makokola, pakati pa Mangochi ndi Monkey Bay, ndipo ku Liwonde kuli kabwalo ka Mvuu m'mbali mwa Shire. Minda ya nzimbe ya Dwangwa ndi Nchalo ili ndi mabwalo akeake. La Kasungu linatchuka mu 2017 pamene boma ndi UNICEF analisankha kukhala malo oyeserako ma drone onyamula zinthu zachipatala.

Maboma ena ali ndi mabwalo akale amene mapu amawasonyezabe, koma mukafika pamwamba pake mumapeza chimanga, njira za njinga kapena maziko a nyumba. Zimandipweteka, chifukwa bwalo likatha silibweranso, ndipo tsiku la madzi osefukira kapena la wodwala wofunika kuthamangira naye ndi pamene anthu amalikumbuka. Choncho musadalire mapu okha. Musananyamuke imbirani munthu amene ali pamalopo, akayende pamsewu wa ndegewo ndi mapazi ake. Mabwalo a eni, monga a minda ndi a malo ogona alendo, amafunanso chilolezo musanapite.

Inuyo bwalo limene mumalikonda kwambiri ndi liti?

Likoma, mosakayika.

Kuchoka pa Kamuzu ndi makilomita 200 ndi pang'ono, ulendo wa ola limodzi ndi mphindi zochepa. Amene anapitako pa basi mpaka Nkhata Bay, kenako n'kudikira Ilala, adziwa tanthauzo la ola limodzi limenelo. Mumadutsa nkhalango ya Nkhotakota, nzimbe za Dwangwa zili kumanzere, kenako gombe limatsalira kumbuyo ndipo pansi pamangokhala madzi okhaokha. Apa mpofunika kunena zoona: pakati pa nyanja pali chigawo chimene injini itazima simungafike kumtunda uliwonse. N'chifukwa chake timakwera m'mwamba kwambiri tisanawoloke, timasankha powolokera pafupi, ndipo aliyense amavala jekete yoyandamitsa asanakwere, osati kuiika pansi pa mpando.

Kenako mapiri a Mozambique amayamba kuoneka, ndipo patsinde pake pali zilumba ziwiri, Chizumulu chaching'ono ndi Likoma. Zonse ndi za Malawi ngakhale zazunguliridwa ndi madzi a Mozambique. Mukamatsika madzi amasintha mtundu, kuchoka pa kuda kwa pakuya kufika poyera moti miyala ya pansi imaoneka. Milambe ili paliponse. Ndiye mwadzidzidzi, pakati pa mitengo ya mango, pamatulukira denga lalikulu la tchalitchi cha St Peter, chimene amishoni a Anglican anayamba kumanga mu 1903. Kuchiona kuchokera m'mwamba, chopangidwa ngati mtanda, pachilumba cha makilomita ochepa chonchi, kumandidabwitsa ulendo uliwonse.

Msewu wa ndege si wautali, ndipo nthawi ya mwera mphepo imawinduka podutsa zitunda, ndiye manja amagwira ntchito mpaka kumapeto. Mukazimitsa injini, pulopela n'kuima, chete amene amabwera sindinamupeze kwina. Mumamva mbuzi, mumamva ana, patali mafunde. Tsiku lina bambo wina wachikulire amene ankadutsa ndi nkhafi paphewa anaima n'kundifunsa kuti, "Achimwene, nyanja mwaisiya bwanji uko?" Ndinawauza kuti kuzambwe kwayera mafunde. Anagwedeza mutu n'kunena kuti ndiye lero sapita kutali.

Lachiwiri ndi Mvuu, chifukwa cha njira yake. Mumatsata Shire kuchokera ku nyanja ya Malombe, mvuu zili mulu m'madzi, njovu zili m'bango.

Pabwalo lopanda nsanja, amakuuzani ndani kuti terani?

Palibe. Pa Kamuzu ndi pa Chileka a pansanja ndi amene amalamula, ndipo simusuntha popanda mawu awo. Kumabwalo ang'onoang'ono mumadzilamula nokha, motsata dongosolo limene aliyense amalidziwa.

Mukatsala mphindi zingapo mumalengeza pa wailesi kuti ndinu ndani, muli pati, pamtunda wanji, ndipo mukufuna kutani. Kawirikawiri sayankha aliyense, koma mumalankhulabe, chifukwa mwina wina akubwera kuchokera mbali ina. Mukafika mumadutsa kaye pamwamba pa bwalo n'kuyang'ana windsock, kathumba ka nsalu kopachikidwa pamtengo kosonyeza kumene mphepo ikuchokera. Ndege imatera ndi kunyamuka moyang'anana ndi mphepo, kuti ithamange pang'ono pansi. Kathumbako kakang'ambika mumayang'ana utsi wa m'midzi, kuwerama kwa udzu kapena mafunde.

Kenako mumatsika n'kuuluka m'mbali mwa msewuwo osatera, maso ali pansi. Mukufunafuna ng'ombe, mbuzi, ana osewera mpira, chulu chatsopano, madzi odikha, ndipo kumalo osungira nyama, nswala ndi maenje amene njiri zimakumba. Phokoso la injini limathandiza kuthamangitsa ziweto. Mukakhutira mumazungulira n'kubwera kudzatera, dzanja lili pa mphamvu ya injini. Chilichonse chikalowa mumsewu mumawonjezera moto n'kukweranso. Kuchita zimenezi si manyazi, ndi gawo la ntchito.

Pafupifupi bwalo lililonse lotere lili ndi munthu amene amalisamala: amatchetcha udzu, amafotsera maenje, amapaka laimu miyala ya m'mbali, ndipo akamva injini amathamanga kukaingitsa mbuzi. Dzina lake silipezeka m'buku lililonse la ndege, koma popanda iye sitingatere. Mukafika mupatseni moni wabwino, mufunseni mmene mvula yagwera sabata imeneyo, ndipo mverani zimene akuuzeni za mbali yofewa ya msewu. Amaudziwa kuposa inu.

Kwa inu okhala pafupi ndi mabwalowa, pempho langa ndi limodzi: ndege ikatera gwirani ana mpaka pulopela itaima. Ikamazungulira sioneka.

Bwanji oyendetsa amalankhula za Chelinda mwaulemu chonchi?

Chifukwa cha kutalika kwake. Bwaloli lili pamtunda wa mamita opitirira 2,300, kapena kuti mafiti pafupifupi 7,800, pamene Kamuzu lili pa mamita 1,200 ndi pang'ono ndipo nyanja ili pansi pa mamita 500. Mukamakwera mpweya umapepuka. Injini imapuma movutikira, pulopela imagwira mpweya wochepa, mapiko nawo amafuna liwiro lalikulu kuti anyamule. Kutentha kumawonjezera vutoli.

Mawerengedwe ake ndi osavuta. Mabuku a ndege amatenga madigiri 15 ngati kutentha koyenera pagombe la nyanja yamchere, ndipo amachotsa madigiri 2 pa mafiti 1,000 aliwonse. Ndiye pa Chelinda "koyenera" ndi pafupifupi 0. Digiri iliyonse yoposa pamenepo imawonjezera mafiti pafupifupi 120. Masana a madigiri 20, amene munthu amangoti kunja kuli bwino, ndege imamva ngati ili pa mafiti opitirira 10,000. Injini wamba imataya magawo atatu pa 100 aliwonse a mphamvu yake pa mafiti 1,000, choncho pamenepo yatsala ndi magawo 70 okha. Ndege imene pa Likoma imadumpha ngati chiwala, pa Chelinda imathamanga, kuthamanga, kuthamangabe, msewu ukutha.

Mankhwala ake ndi kunyamuka m'mamawa kukuzizira, ndi katundu wochepa, mutawerengeratu m'buku la ndegeyo kutalika kwa msewu umene mukufuna. Onjezani kuti mitambo imatseka Nyika mofulumira, ndiye muwerengenso yankho la Chikangawa.

Koma m'mawa kukayera, palibe malo ofanana napo. Zitunda za udzu zimangotsatizana mpaka kumene maso alekezera, mbidzi ndi chilembwe zili m'magulu, mthunzi wa ndege ukutsetsereka pamwamba pake. Mukatsegula chitseko mphepo yozizira imakulandirani ndi fungo la paini.

N'chifukwa chiyani amatiyeza pasikelo ndi kutikaniza masutikesi?

Musakhumudwe nazo. Cessna 172 yamakono imanyamula makilogalamu pafupifupi 400, kuphatikiza anthu, katundu ndi mafuta. Matanki odzaza amatenga malita 200, omwe ndi makilogalamu pafupifupi 145. Otsalawo ndi a anthu atatu opanda chikwama. Mipando ilipo inayi, koma kuti onse akhale pamafunika kuchepetsa mafuta, ndiye kuti ulendo ufupike.

Malo okhala nawonso ndi nkhani. Kulemera kukachuluka kumbuyo mphuno imadzuka yokha ndipo ndege imavuta kuiwongolera. Woyendetsa akakuuzani kuti inu mukhale kutsogolo, mayi akhale kumbuyo, akutsata masamu amenewa. Zikwama zofewa amazikonda chifukwa kachitseko ka katundu n'kakang'ono. Thumba la ufa kapena la nsomba zouma lingakwere ndithu, bola liyezedwe ndi kumangidwa.

Nyengo yabwino youluka ndi iti?

Kwa ine ndi Epulo mpaka kumayambiriro kwa Juni. Mvula yatha, fumbi silinayambe, dziko likadali lobiriwira, ndipo m'mawa wabwino Mulanje amaoneka muli kutali kwambiri, Sapitwa ili pamwamba pa mitambo pa mamita 3,002.

Juni ndi Julayi mpweya ndi wozizira, injini imakondwa, koma mwera umavutitsa kunyanja ndipo chiperoni chimatha kuphimba Blantyre, Thyolo ndi Mulanje masiku angapo. Kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala utsi wa moto wa m'tchire umadzaza m'mwamba. Kumakhala kopanda mtambo, koma kutsogolo kuli mbuu, ndipo pamwamba pa nyanja madzi ndi thambo zimasakanikirana osaona polekezera. Nyengo imeneyi imapusitsa anthu ambiri.

M'dzinja timauluka m'mawa. Ikamakwana 11 koloko mitambo imayamba kutukumuka, ndipo masana imasanduka nsanja za mabingu. Mtambo wotere sitiuyandikira n'komwe, timaulambalala patali makilomita ambiri, chifukwa mphepo yake imatha kuthyola ndege. Mabwalo a dothi amafewanso.

Chinthu china cha kwathu kuno ndi nkhungu, tizilombo tija timatuluka m'nyanja muunyinji wake. Kuchokera m'mwamba zimaoneka ngati utsi wa sitima imene ikupsa. Timazipatuka, chifukwa zimamata galasi lakutsogolo.

Ndimachita nseru m'basi. M'ndege yaing'ono zikhala bwanji?

Pemphani ulendo wa m'mamawa. Mabampu a m'mwamba amabwera dzuwa likatenthetsa nthaka, mpweya wotentha n'kumakwera m'malo ena kuposa ena. M'ma 6 kapena 7 koloko ndege imayenda ngati ili patebulo. Idyani pang'ono musanakwere, osapita ndi njala. Yang'anani kutali, osati pafoni, tsegulani kabowo ka mphepo, ndipo mukayamba kumva thukuta lozizira nenani msanga. Timatumba timakhalamo, ndipo palibe woyendetsa amene amadabwa nazo.

Mumathira petulo wa pa filing'i siteshoni?

Ndege zambiri za mtundu uwu zimamwa avgas, petulo wapadera wa ndege amene amamuthira mtundu wabuluu kuti asasokonezeke ndi wina. Ndege zikuluzikulu, ndi zina za pulopela monga Cessna Caravan, zimamwa Jet A-1, amene ali pachibale ndi palafini. Kusokoneza awiriwa ndi ngozi. Cessna 172 imamwa malita 30 mpaka 35 pa ola.

Avgas sapezeka pamabwalo ang'onoang'ono, ndiye mumanyamuka ndi wokwanira kupita, kubwera ndi wotsala. Malamulo amafuna wotsala wa theka la ola masana, koma ine ndimasiya wa ola lathunthu. Geji sitiikhulupirira. Timakwera paphiko, kutsegula thanki ndi kuviika kamtengo koyezera. Timakhetsanso mafuta pang'ono m'kabotolo kuchokera pansi pa thanki lililonse. Ngati muli madzi amakhala pansi ngati timikanda toyera, ndipo timakhetsa mpaka atatha. Ndege ikagona panja usiku wa mvula, ichi ndi choyamba kuchita m'mawa.

Manambala a pamsewu wa ndege ndi zilembo za pamchira zimatanthauzanji?

Nambala ndi mbali ya kampasi imene msewuwo waloza, mutachotsa ziro womaliza. Pa Kamuzu pali 14 mbali ina ndi 32 mbali inayo, kutanthauza madigiri 140 ndi 320. Ndi msewu umodzi womwewo, ndipo mphepo ndi imene imasankha kuti lero muyambira kuti.

Zilembo ndi nambala ya ndege, monga ya galimoto. Za Malawi zimayamba ndi 7Q, za Zambia 9J, za Tanzania 5H, za Mozambique C9, za South Africa ZS kapena ZU. Pa wailesi chilembo chilichonse chili ndi dzina lake kuti chisamveke molakwika, ndiye 7Q timati "Seven Quebec".

Ndikufuna kuphunzira. Pamafunika chiyani?

Laisensi yoyamba ndi PPL, ya munthu wouluka mosalipidwa. Muyeso wa mayiko onse ndi zaka 17 ndi maola osachepera 40 m'mwamba, ngakhale mayiko ena, monga South Africa, amafuna 45, ndipo ophunzira ambiri amapitirira pamenepo. Pamafunika kupimidwa ndi dokotala wovomerezeka, makamaka maso, makutu ndi mtima. Magalasi si choletsa. Pali mayeso olemba a malamulo, nyengo, mapu, injini ndi mmene ndege imaulukira, komanso a wailesi, imene imayendera Chingerezi. Masamu ake ndi a ku sekondale. Malaisensi kuno amayang'aniridwa ndi bungwe la Civil Aviation Authority. Amalawi ambiri amakaphunzira kunja, makamaka ku South Africa, n'kudzasinthitsa mapepala pobwera. Wofuna kulembedwa ntchito amapitiriza mpaka laisensi ya CPL, imene kawirikawiri imafuna maola 200.

Atsikana amafunsa ngati n'zotheka kwa iwo. A Yolanda Kaunda anakhala mayi woyamba wa ku Malawi kufika pa ukaputeni wa ndege, ndipo aliyense wofika pamenepo amayambira pa kandege konga aka.

Tsiku limene simudzaliiwala ndi louluka nokha koyamba. Kwa ine linafika mosayembekezera. Titatera kachitatu m'mawa umenewo, mphunzitsi anamasula lamba, natsegula chitseko, n'kunena kuti, "Zungulirani kamodzi, mundipeza pompano." Popanda kulemera kwake ndege inanyamuka msanga kuposa mmene ndinazolowera. Nditafika pamwamba ndinayang'ana kumanja, mpando uli wopanda munthu, lamba wake atamangidwa bwinobwino. Ndinayamba kuyimba nyimbo ya kwaya mokweza, mpaka nthawi yotsitsa mafulapu, timapiko ta kumbuyo kwa mapiko tothandiza potera.

Si masewera a anthu olemera okha amenewa?

N'zodula, ndipo sindibisa. Mafuta, zipangizo ndi inshuwalansi zonse zimayendera ndalama zakunja, ndiye kwacha ikagwa ola limodzi limakwera mtengo nthawi yomweyo. Ine ndinaphunzira pang'onopang'ono kwa zaka zingapo, ndipo pali miyezi imene sindiuluka n'komwe. Njira imeneyi ili ndi vuto lake, chifukwa mukakhalitsa manja amaiwala ndipo mumalipira kubwereza zakale. Ngati mungathe, sonkhanitsani kaye ndalama kuti muphunzire mosadukiza.

Kugula ndege si kofunika. Ambiri timabwereka, ena amasonkherana anayi kapena asanu n'kukhala ndi imodzi. Ndipo kuti mulawe sipafunika laisensi. Anthu atatu akhoza kugawana mtengo wa ulendo waufupi, ndipo sukulu zambiri zouluka zili ndi phunziro loyamba lolawitsa, pamene mphunzitsi amakupatsani chiwongolero kwa mphindi zingapo.

Mungathe kuwoloka malire ndi kandege kotere?

Inde, bola mapepala akhale m'malo. Mumapereka dongosolo la ulendo kwa oyang'anira za ndege, mumapempha chilolezo cha dziko limene mukupita, ndipo mumatuluka ndi kulowa kudzera pabwalo lokhala ndi a zolowa ndi kutuluka komanso a kasitomu. Ulendo wokoma wapafupi ndi wa ku Mfuwe ku Zambia, pafupifupi ola limodzi kuchoka pa Kamuzu. Mumadutsa Mchinji ndi Chipata, kenako nthaka imatsika kulowa m'chigwa cha Luangwa, mtsinje uli wokhotakhota pakati pa mchenga. Kumatentha kwambiri kuposa ku Lilongwe, ndiye zija za Chelinda zimagwiranso ntchito masana a Okutobala. Pa wailesi mumalankhula Chingerezi, koma mukatsika moni wake ndi wa Chinyanja.

Ndinamva kuti kale ndege zinkatera panyanja. N'zoona?

N'zoona. Mu 1949 ndi 1950 kampani ya ku Britain ya BOAC inkaima pa Cape Maclear ndi ndege zotera pamadzi za mtundu wa Short Solent, za injini zinayi, paulendo wa pakati pa Southampton ndi Johannesburg. Apaulendo ankatsikira m'boti n'kupita kumtunda. Zinatha chaka chimodzi chokha, chifukwa ndege zotera pamtunda zinayamba kuchita ulendowo mofulumira.

Mukamachoka ku Makokola kulowera kumpoto, pitani cha kumeneko m'mawa nyanja ili bata. Pakati pa gombe la Chembe ndi chilumba cha Thumbi pali madzi otetezeka ku mwera, aatali ndi osalala, ndipo mukawaona kuchokera m'mwamba mumamvetsa chifukwa chake anasankha pamenepo. Dutsani m'mwamba ndithu, chifukwa ndi malo otetezedwa ndipo nkhwazi zimauluka pamwamba pa zilumbazo.